Kuphimba bwalo ndi zoyanga: zomwe chilala cha ku Cape Town chinasintha m'maluwa

Pa 1 Febuluwale 2018 khonsolo ya mzinda wa Cape Town inalamula kuti munthu asamadutse malita 50 a madzi patsiku. Malita omwewo ndiwo akumwa, ophikira, osamba, ochapira ndi ogejemulira kuchimbudzi. Mvula inali itavuta zaka zitatu zotsatizana kuchokera mu 2015, ndipo damu la Theewaterskloof, lomwe limasunga pafupifupi theka la madzi a mzindawo, mbali yaikulu linali litasanduka mchenga ndi zitsa. Akuluakulu ananeneratu kuti madzi m'madamu akatsika kufika pa 13.5 peresenti, mipopi ya m'nyumba itsekedwa, anthu azikaima pamzere m'malo pafupifupi 200 kukatunga malita 25 aliyense. Tsikulo analitcha Day Zero, ndipo nthawi ina analiika pa 12 Epulo. Silinafike, chifukwa anthu anadzimana kwambiri, alimi anachepetseredwa madzi othirira, kenako mvula inagwa. Koma kuthirira maluwa ndi madzi a kumpopi kunali kutaletsedwa kale pakati pa 2017.

Amene anaona msanga zotsatira zake ndi anthu ogwira ntchito m'maluwa, ndipo mwa iwo muli Amalawi ambiri ndithu. Kapinga wa m'mabwalo ochuluka kumeneko ndi kikuyu, udzu wochokera kumapiri a ku Kenya ndi mayiko oyandikana nawo, komwe mvula siivuta. Masamu ake ndi osavuta. Milimita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi. Kuti kapinga akhalebe wobiriwira nthawi yotentha, odziwa amati azilandira mamilimita ngati 25 pa sabata. Ndiye bwalo la mamita 10 uku ndi 10 uku limamwa malita 2,500 pa sabata, zigubu 125 za malita 20. Banja la anthu anayi, pa muyezo uja wa malita 50, linkaloledwa malita 1,400 okha pa sabata. Udzu wongoyang'ana ndi maso unkamwa kuposa eni nyumba onse pamodzi.

Ena anayala miyala, ena anakonza simenti bwalo lonse, enanso anagula kapinga wa pulasitiki, amene masana dzuwa likaswa mtengo simungamuponde opanda nsapato. Kusiya dothi pamtunda nakonso kunali kosatheka. M'chilimwe cha ku Cape Town mumaomba mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, imene eni ake amaitcha Cape Doctor, ndipo dothi la madera ambiri, makamaka ku Cape Flats, ndi mchenga wokhawokha. Mchengawo ukasowa choutchinjiriza umauluka n'kukalowa m'nyumba, chinyezi chomwe chinatsala pansi chimathawa, mitengo yomwe inali kupirira nayo n'kuyamba kuyoyola masamba. Mlimi aliyense amene anaphimbirapo munda ndi mapesi akudziwa kusiyana kwa dothi lovundikiridwa ndi la pamtetete: kulowetsa dzanja pansi pa mapesiwo masana a Okutobala, mumapeza kozizira. Chomera choyanga pansi chimagwira ntchito yomweyo, kungoti icho ndi chamoyo, chiswe sichichimaliza, ndipo mizu yake imamanga dothi.

N'chifukwa chake maso a anthu anatembenukira ku zomera za kumeneko komwe. Dera la Cape ndi lodabwitsa pa nkhani ya zomera. Malo ake ndi ocheperako kuyerekeza ndi dziko la Malawi, koma muli mitundu ya zomera pafupifupi 9,000, ndipo magawo awiri mwa atatu a mitunduyi simungaipeze kwina kulikonse padziko. Chimene chinaumba zomerazi ndi nyengo yotembenuka. Kwathu mvula imabwera ndi kutentha, kuchokera Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Ku Cape Town imagwa nthawi yozizira, makamaka Meyi mpaka Ogasiti, ndipo Disembala, Januwale ndi Febuluwale kumakhala kotentha, kouma, kwamphepo. Chomera chobadwira kumeneko chinazolowera kukula m'chisanu ndi kugona m'chilimwe. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama.

Chodziwika kwambiri mwa zoyanga za kumeneko ndi sour fig, imene a Chiafrikaans amati suurvy, ndipo dzina lake la sayansi ndi Carpobrotus edulis. Mukayenda m'mbali mwa nyanja, kuchokera kugombe la kumadzulo mpaka ku Eastern Cape, mumaiona itayala pamilu ya mchenga. Masamba ake ndi onenepa, aatali ngati chala, a ngodya zitatu, oloza kumwamba awiriawiri. Mukalithyola tsamba, limati phwa, m'kati muli madzi okhaokha onanda pang'ono, owawasa ndi amchere mukawalawa. Khungu lake ndi lolimba, losalala, losatulutsa madzi wamba. Chilala chikafika povuta masambawo amafiira kunsonga ndi kukwinyika, mvula ikangogwa amafufumanso. Maluwa ake ndi aakulu, achikasu, ndipo akamakalamba amasanduka otuwa mofiirira. Amatuluka kuyambira cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, amatsegula dzuwa likawala n'kutseka madzulo. Ili ndi abale ake a maluwa ofiira kwambiri, ndipo mmodzi mwa iwo amamera m'gombe la KwaZulu-Natal mpaka ku Mozambique.

Kusunga madzi m'masamba ndi theka chabe la nzeru za zomera zoterezi. Tsamba lililonse lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso tomwe limapumira. Chimanga chimatsegula timabowoti masana kuti chikoke mpweya wopangira chakudya, ndipo pa khomo lomwelo madzi amathawirapo. Ndiko kufota kuja timakuona dzuwa likakhala paliwombo. Zomera zambiri za masamba onenepa zimachita mosiyana: zimatsegula usiku kukazizira, n'kusunga mpweyawo ngati asidi m'tsamba, masana n'kutseka n'kumaugwiritsa ntchito. Chinanazi ndi khonje zimatero masiku onse. Spekboom, chitsamba cha ku Eastern Cape chomwe njovu za kumalo osungira nyama a Addo zimakonda, chimasintha malinga ndi nyengo: madzi akakhalapo chimapuma masana, akasowa chimapuma usiku. Pali mtundu wake wina wogona pansi umene anthu amabzala ngati choyanga. Kuipa kwa nzeru imeneyi n'kwakuti chomera chikamadzitsekera chotere sichikula msanga. Kupirira chilala ndi kuthamanga kukula siziyendera limodzi kawirikawiri.

Sour fig ndiye imayesetsa ziwiri zonsezo. Kubzala kwake n'chimodzimodzi kubzala mbatata: mumadula nsonga yotalika ngati chikhatho ndi theka, kuchotsa masamba am'munsi, kukwirira mfundo ziwiri kapena zitatu, basi. Mfundo iliyonse yokhudza dothi imatulutsa mizu, ndipo nthambi imodzi ikhoza kuyenda pafupifupi mita pachaka. Mchere suiopsa, choncho imapirira mphepo ya kunyanja ngakhalenso madzi ochapira omwe angaphe zomera zina za kumapiri. Popeza ndi yodzaza madzi, moto suidutsa msanga, ndipo ena okhala m'mphepete mwa phiri amaibzala kuzungulira mpanda pa chifukwa chimenechi. Zipatso zake zimadyedwa. Zikauma zimakhala zofiirira, zokwinyika, munthu amaluma kumunsi n'kuyamwa zam'kati zomata, zowawasa. Amazigulitsa m'misewu ya mu Cape Town, ndipo amayi amaphikira jamu. Madzi a m'masamba anthu a kumeneko akhala akuwagwiritsa ntchito kuyambira kalekale, kutsukira kukhosi kukamapweteka ndi kupaka pomwe apsa kapena polumidwa ndi tizilombo ta m'nyanja.

Zoipa zake ziliponso, ndipo wogulitsa ku nazale sangayambe ndi zimenezo. Siipondeka, mukaponda masamba amaphwanyika n'kusiya bala lakuda, ndipo ndi oterera. Bwalo loseweramo ana silingakhale la sour fig. Ikakalamba imasanjikizana, pamwamba pobiriwira, pansi pali nthambi zouma zokhazokha, ndipo m'menemo mumabisala nkhono ndi mbewa. Kumene kuli mbewa njoka sizisowa: mphiri imakonda kugona pansi pa chiyangoyango chimenechi, ndiye wogwira ntchito asamapise dzanja asanagwedeze ndi ndodo. Apa ndi pomwe ndimaona kuti makolo athu sanali opusa posesa pabwalo mpaka kuyera mbee. Bwalo loyera limaonetsa mkukuluzi wa njoka m'mawa, ndipo moto wolusa suyandikira denga la udzu. Chomwe tinganene n'chakuti kusesa tsiku ndi tsiku kumadya dothi, mpaka maziko a nyumba ndi mizu ya mango kutsala pamtunda. Njira yapakati ndi kusiya mpata woyera kuzungulira nyumba, zoyangazo n'kuyambira chapatali, makamaka pamalo otsetsereka.

Chomera chachiwiri n'chosiyana kotheratu. Dymondia imachokera kadera kakang'ono ka Overberg, cha ku Bredasdorp, kufupi ndi nsonga ya kumwera kwenikweni kwa Africa. Inatoledwa mu 1933 ndi Margaret Dryden-Dymond, yemwe ankagwira ntchito ku munda wa zomera wa Kirstenbosch, ndipo Robert Harold Compton, amene anatsogolera mundawo zaka zambiri, anaipatsa dzina la mayiyu mu 1953. Kutchire kwake yachepa, poti dera limenelo linasanduka minda ya tirigu, koma m'manazale yadzaza, mpaka ku California ndi ku Australia. Imamatirira pansi, siikwera kuposa masentimita 5. Timasamba take ndi tating'ono, tosongoka, tobiriwira motuwa pamwamba koma kunsi kwake toyera ndi ubweya. Kukauma m'mphepete mwa tsamba mumapindikira m'mwamba, koyerako n'kuonekera, bwalo lonse n'kuoneka lotuwa. Kupindika kumeneku kumachepetsa malo omwe dzuwa likuwomba, ndipo ndi chizindikiro chabwino kwa wothirira: bwalo likayera kwambiri ndiye kuti ludzu lafika. Mukaizula mumadabwa, kachomera kafupi chonchi kali ndi mizu yonenepa yolowa pansi ndithu. Timaluwa take ndi tachikasu, tobisala pakati pa masamba.

Iyi ndiye imapondeka, bola kusakhale kupondaponda kwa mpira. Imakoma kwambiri pakati pa miyala yopondapo ndi m'mbali mwa njira ya galimoto, ndipo siifuna makina otchetchera. Koma ndi yochedwa. Bwalo lobzalidwa timagulu totalikirana masentimita 15 kapena 20 likhoza kutenga chaka, nthawi zina kuposerapo, kuti litsekane. Miyezi yonseyo mipata ili poyera, ndipo udzu uliwonse woipa umathamangira pomwepo.

Tsopano tifike pa chimene chimalepheretsa ambiri. Mawu akuti chomera chopirira chilala amanena za chomera chokhazikika, chomwe mizu yake yafika kale pansi pomwe pali chinyezi. Kambande kochokera ku nazale kakulira m'kathumba kapena m'kathireyi, kakuthiriridwa tsiku lililonse, mizu yake ndi yosakwana chala. Mukakaika mumchenga wotentha mu Disembala n'kukasiya poti ndi kachilengedwe, pakutha pa sabata mupeza kauma. Ndiye nthawi yobzala ndi nkhani yaikulu kuposa mtundu wa chomera. Ku Cape Town mubzale mu Epulo kapena Meyi, mvula yoyamba ikagwa dothi likadali lofunda, kuti miyezi yonse yozizira mvula ikuthirireni ulere, pofika chilimwe mizu ikhale italowa. Kwa munthu wokulira ku Mzimba kapena ku Mangochi zimenezi zimamveka zokhota, chifukwa thupi lonse limakuuza kuti kubzala ndi Novembala ndi Disembala, Meyi ndi wokolola. Mabwana nawonso amalakwitsa mbali yawo: amakumbuka za maluwa mu Okutobala kukayamba kuwala, manazale atadzaza maluwa okongola, n'kugula galimoto yonse nthawi yomwe mvula ikutsanzika.

Musanabzale pali nkhondo ya kikuyu. Kikuyu wouma si wakufa. Pansi pa dothi ali ndi nthambi zoyera zonenepa zomwe zimadikira madzi miyezi yambiri, ndipo kachidutswa kamodzi kokhala ndi mfundo n'kokwanira kuyambitsanso bwalo lonse. Mukabzala dymondia pamwamba pake n'kuyamba kuthirira, amene mwamudzutsa ndi kikuyu, ndipo akalowerera pakati pa dymondia simungamuchotse osazula zonse. Mankhwala opha udzu sagwira pa udzu wouma, poti amalowera m'masamba obiriwira omwe akukula. Ambiri anapopera pa kapinga wofiira n'kuganiza kuti athana naye. Njira yodalirika ndi yotopetsa: kukumba ndi foloko, kutola nthambi zonse ndi manja, kuthirira pang'ono kapena kudikira mvula, kudikira masabata awiri kapena atatu kuti zotsalira zimere, n'kuzulanso. Ena amavundikira malowo ndi makatoni kapena pulasitiki wakuda kwa miyezi ingapo kuti udzu ufe ndi mdima. Bwana wofuna kuona zobiriwira Loweruka lomwelo sakondwa ndi bwalo la makatoni, koma mwezi umodzi wa kuleza mtima pamenepa umapulumutsa zaka za kupalira.

Mchenga wa ku Cape uli ndi khalidwe lina lomwe limadabwitsa mlendo. Ukauma kwambiri umakana madzi. Mumathira ndi keni, madziwo amangoundana pamwamba timadontho tonyezimira, n'kuyenderera kumbali. Mukakanda ndi chala, pansi pake ndi fumbi louma. Chimachititsa ndi mafuta ochokera ku masamba owola, omwe amakuta mchengawo. Munthu akhoza kuthirira mokhulupirika mwezi wonse mbande zikufa ndi ludzu. Mankhwala ake ndi kusakaniza kompositi wowola bwino m'dothi la pamwamba, kukonza kabeseni kozungulira mbande iliyonse, kuthira madzi pang'ono kaye, kudikira, n'kubweranso kudzathira ambiri. Pomaliza muphimbire mipata ndi makungwa ogayagaya kapena masamba ouma, koma osakwirira khosi la mbande, lingawole.

Pa feteleza, dzanja likhale lopepuka. Dothi la kumapiri a Cape ndi losauka kwambiri, makamaka pa mchere wa fosifolasi, ndipo zomera zina za kumeneko monga protea zimafa mukazipatsa wambiri. Sour fig ndi dymondia si zosachedwa kupsa chotero, koma zikadya kwambiri zimatulutsa masamba ofewa amadzimadzi omwe sapirira dzuwa, ndipo manyowa a khola osawola amabweretsa njere za udzu. Kompositi pang'ono pobzala n'ngokwanira.

Kathiriridwe ndi komwe kumasiyanitsa odziwa ndi ongoyesa. Masabata oyamba, ngati mvula yadukiza, mbande zimafuna madzi pafupipafupi. Zikayamba kutulutsa nsonga zatsopano muzitalikitsa masiku koma muzithira ambiri nthawi imodzi, kuti madzi alowe pansi mizu iwatsatire. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumaphunzitsa mizu kukhala pamwamba, pomwe pamayamba kuuma. Chilimwe choyamba muzithandizabe kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, m'mawa kwambiri mphepo isanadzuke. Kuyambira chaka chachiwiri sour fig ya kufupi ndi nyanja ikhoza kukhala osathiriridwa n'komwe, pamene dymondia imaoneka bwino ikamalandira madzi apo ndi apo. Ndipo zomera zimenezi zimafa ndi madzi ochuluka kuposa ndi ludzu. Vuto ndi lakuti wantchito amene waima ndi payipi m'manja amaoneka kuti akugwira ntchito, pamene amene wasiya dala kuthirira amaoneka waulesi. Ndi bwino kumufotokozera mwini nyumba poyambirira penipeni, kuti tsiku lomwe adzaone masamba atuwa asadzayese kuti mwanyozera.

Ntchito siitha, imangosintha. Kutchetcha kwa sabata ndi sabata kumachoka, m'malo mwake mumabwera kugwada ndi kampeni kuzula udzu m'mipata, kudulira sour fig m'mphepete isanakwere zitsamba zina, kutola nkhono, ndi kukwirira milu ya mfuko. Mfuko za m'michenga ya ku Cape ndi zikuluzikulu, zina zimaposa kilogalamu, ndipo usiku umodzi zikhoza kutukula bwalo lomwe mwalisamala chaka.

Pali mbali ina ya nkhaniyi yomwe imandichititsa kusamala ndi mawu akuti chomera chachilengedwe. Kwawo sour fig ili ndi oidya: akamba amadya masamba, anyani, nungu ndi agwape amadya maluwa ndi zipatso, tizilombo ndi matenda a komweko amaichepetsa mphamvu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anthu anaitengera ku California kuti ikamange dothi m'mbali mwa njanji, kenako nthambi yoona za misewu inaibzala m'mbali mwa misewu ikuluikulu mpaka cha m'ma 1970. Nyengo ya kumeneko ndi yofanana ndi ya ku Cape, mvula m'chisanu, chilimwe chouma, koma adani ake anatsala ku Africa. Lero yakuta milu ya mchenga ya m'gombe, yapha zomera za komweko, yasintha ngakhale dothi lenilenilo, ndipo magulu a anthu ongodzipereka amathera masiku akuizula ndi manja. Choseketsa n'chakuti ntchito yomwe anaiitanira siigwira bwino pamalo otsetsereka kwambiri: mizu yake ndi yosazama, masamba akamwa madzi amalemera, mvula yamphamvu ikagwa chiyangoyango chonse chimatha kugumuka pamodzi ndi dothi. Ku Spain inalowa pa mndandanda wa zomera zoletsedwa, pa lamulo la 2013. Ku Britain yakwera maphompho a ku Cornwall ndi zilumba za Scilly, ndipo kuibzala kutchire ndi mlandu. Gazania, duwa lina loyanga la m'gombe la South Africa, likuvutitsanso chimodzimodzi ku Australia.

Ife nkhani yotereyi si yachilendo. Namasupuni anachokera ku South America, anthu ankamunyamula dziko ndi dziko chifukwa cha duwa lake lokongola, ndipo lero ndi uja amatseka mtsinje wa Shire ndi kusokoneza makina a magetsi ku Nkula. Choncho amene akuganiza zoika nsonga ziwiri za sour fig m'chikwama pokwera basi yobwerera kumudzi aganize kawiri. Kudutsa ndi zomera pachipata popanda chilolezo n'koletsedwa, komanso chomera chimene chinazolowera chilimwe chouma chikakumana ndi mvula ya Januwale pa dothi la makande, nthawi zambiri chimangowola. Chikapanda kuwola, ndiye mwina mwabweretsa vuto.

Ngakhale m'dziko la South Africa lomwelo, chachilengedwe ku Cape Town si chachilengedwe ku Johannesburg. Ku Joni mvula imagwa nthawi yotentha ngati kwathu, ndipo mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu choumitsa madzi, chomwe chimawaula masamba a sour fig. Kumeneko kubzala ndi Okutobala kapena Novembala, ndipo zoyanga zoyenera ndi zina, monga Delosperma cooperi wa maluwa ofiirira, wochokera kumapiri ozizira a Free State ndi Lesotho. Funso loyenera kufunsa ku nazale si lakuti kodi ichi n'cha mu Africa, koma lakuti chimamera chokha kuti, pa dothi lotani, ndipo mvula kumeneko imagwa liti.

Tikalifunsa funso limeneli ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, yankho limakhala chomera chomwe timachipondaponda osachiyang'ana: kapinga wathu wa timasamba tating'ono, Cynodon dactylon, yemwe amamera yekha m'mbali mwa njira, m'madambo momwe mumadya ng'ombe ndi m'mabwalo a mpira a kusukulu. Ku Cape aliponso, amamutcha kweek, ndipo ndi mmodzi mwa maudzu omwe anthu ankalangizidwa kubzala m'malo mwa kikuyu. Iye sasunga madzi m'masamba. Njira yake ndi kugona: chilimwe chikafika amafiira n'kuoneka ngati wafa, moyo n'kubisala m'nthambi za pansi pa dothi ndi m'mizu yozama. Mvula yoyamba ikagwa, pasanathe masabata awiri wabiriwira. Amapirira kupondedwa kuposa zoyanga zonse tatchulazi, ndipo mbewu yake simugula, mumakazula kudambo.

Chomwe amafuna kwa mwini bwalo ndi kulolera kuona bwalo lofiira kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, osalimbana nalo ndi payipi nthawi yomwe mipopi m'matauni ikungotulutsa mpweya. Mubzale nthambi zake m'mizere mvula ikakhazikika mu Disembala, mizereyo idutse mopingasa chitsetse kuti igwire dothi. Pomweta musamete mpala, makamaka mvula ikamatha, chifukwa masamba otsalawo ndiwo amaphimba dothi m'chilimwe. Musamutenthe. Pansi pa mango kapena pamthunzi uliwonse wandiweyani sachita bwino, pamenepo ndi bwino kungosiya masamba ogwa aphimbe. Ndipo mumuikire malire, kaya ndi njerwa zozikika kapena ngalande yomwe muzilambula, chifukwa kapinga yemweyu akalowa m'bedi la masamba kapena m'munda wa chimanga, khasu limangomudula zidutswa, ndipo chidutswa chilichonse chimamera.